Mpeni wabwino umayambira pa chosulirapo

Mvula ikayandikira, khasu limakumbukiridwa. Amene msuka wa khasu lake udathyoka chaka chatha, amene chikwanje chake chidabenthuka, amene ngolo yake yatha chitsulo chokolera goli, onse amayamba kufunsa kuti wosula ali kuti. M'misika ngati ya Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma simuchedwa kumupeza, chifukwa kulira kwa nyundo kumakulondolerani. Mukafika pachipala, maso amathamangira kumoto, kumvukuto ndi ku mipeni imene yayalidwa pathumba. Tsiku lina mudzayang'ane pansi pa nyundoyo. Chitsulo chimene wosula akumenyerapo, chosulirapo, ndicho chimalamula ngati mpeni utuluke wowongoka kapena wokhota, ngati makala athe ambiri kapena ochepa, komanso ngati mwini ntchitoyo adzafike zaka 50 akumva bwino ndi kuwongola msana.

Nkhani ino ndi yanu inu amene mukusula kale, inu achinyamata amene mukufuna ntchito yamanja koma mpamba ukuchepa, ndiponso inu makolo ndi atsogoleri a magulu amene mungathe kuwathandiza. Chosulirapo cha kufakitale, chija chokhala ndi nyanga mbali imodzi, n'chodula ndipo sichipezeka wamba. Komabe simuyenera kudikira chimenecho. Mungathe kupanga chanu, bola mudziwe zinthu zinayi: kulemera kwake, mtundu wa chitsulo, kakhazikidwe kake, ndi kumene chitsulocho chachokera.

Makolo athu ankasulira pamwala

Kusula si ntchito yobwera ndi sitima. M'chaka cha 1866 David Livingstone adadutsa kufupi ndi mapiri a Dzalanyama akulowera cha ku mtsinje wa Bua, ndipo adalemba za midzi ya osula imene adaipeza m'njira. Chimene adaona n'chakuti chosulirapo chidali mwala waukulu wokwiriridwa pansi, nyundo idali mwala wina womangidwa ndi luzi kuti ukhale ndi pogwira, ndipo mvukuto udali wa zikopa za mbuzi. Ndi zipangizo zimenezi ankatulutsa makasu amene ankalimira dera lonse ndi kugulitsidwa kutali.

Chitsulo ankachiyenga okha m'ng'anjo zadothi. Zina mwa ng'anjozo zikadalipo m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu. Kuyenga kudaleka cha m'ma 1930, makasu a kunja ndi zitsulo zakutha zitayamba kuchuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ofufuza zakale, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, adapempha nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka m'boma la Rumphi kuti ziyatsenso ng'anjo, n'cholinga choti luso lawo lilembedwe lisadapite nawo kumanda.

Kunja nakonso, chosulirapo cha nyanga si lamulo. Osula malupanga a ku Japan, amene ntchito yawo ndi yotchuka padziko lonse, amamenyera pa chitsulo chamakona anayi chopanda nyanga. Ku Nepal, osula mipeni yokhota yotchedwa khukuri kawirikawiri amakhazika pansi mutu wa nyundo yaikulu, n'kumasulirapo masipuling'i a magalimoto akutha. Choncho amene akukuuzani kuti simungayambe popanda chosulirapo cha ku Ulaya akungokuchedwetsani.

Ntchito yake yeniyeni

Mukamenya chitsulo chofiira, mphamvu ya dzanja lanu imafuna kopita. Ngati pansi pali chinthu cholemera, cholimba ndi chosagwedera, mphamvuyo imathera m'chitsulo chofiiracho ndipo chimaphwathalala mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi. Ngati pansi pali chinthu chopepuka, chopyapyala kapena chovina, gawo lalikulu la mphamvuyo limathera m'kudumpha, m'kunjenjemera ndi m'phokoso. Ndiye mumamenya kakhumi pamene mukadamenya kanayi. Chitsulo chimazizira musadamalize, mumachibwezera pamoto, makala amapsa, tsiku limatha, phewa ndi chigongono zikuwawa.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amafunafuna chitsulo chotambalala ngati tebulo, pamene chofunika ndi kulemera kumene kuli pansi penipeni pa nyundo. Pamwamba pake pangokulirapo pang'ono kuposa nkhope ya nyundo yanu, chifukwa nyundo simenya malo awiri nthawi imodzi. Chitsulo chachitali mukachigoneka, pansi pa nyundo pamakhala masentimita ochepa chabe. Chomwecho mukachiimiritsa, utali wake wonse umakhala pansi pa nyundo. Chitsulo n'chimodzimodzi, koma ntchito yake imasiyana kutali.

Nanga chilemere bwanji? Osula ambiri amalangiza kuti chosulirapo chizilemera maulendo 30 kapena kuposerapo poyerekeza ndi nyundo imene mumagwiritsa ntchito. Nyundo ya kilogalamu imodzi, imene ndi yokwanira kusulira mipeni, imayenda bwino ndi chosulirapo cha makilogalamu 30 mpaka 40. Chocheperapo chimagwirabe ntchito mukachimangirira zolimba pa chipika cholemera. Popita kukagula, sikelo ingasowe, koma tepi yoyezera ikuthandizani. Chitsulo cha masentimita 10 m'litali, 10 m'lifupi ndi 10 msinkhu chimalemera pafupifupi makilogalamu 8. Ndiye kuti cha masentimita 10 kwa 10 chotalika masentimita 30 chili pafupi ndi makilogalamu 24, ndipo shafiti yobulungira yonenepa masentimita 10, yotalika theka la mita, ili pafupi ndi makilogalamu 31.

Kusankha chitsulo

Zitsulo zabwino zimapezeka m'makina akuluakulu amene adatha ntchito: shafiti ya chigayo, ekiselo ya lole kapena ya thirakitala, mapini onenepa a makina okonzera misewu, dzino la makina onyamulira katundu m'mafakitale, ngakhalenso mutu wa nyundo yoswera miyala. Ku Lilongwe, zotere zimafunidwa kwa ogulitsa zitsulo zakutha ndi m'magalaja a ku Biwi, ku Mchesi ndi ku Kanengo. Yambani mwafunsa kwanu komweko kwa eni zigayo ndi eni mathirakitala, chifukwa kunyamula makilogalamu 40 kuchokera mumzinda ndi ndalamanso.

Chenjerani ndi chitsulo chimene amakaniko amachitcha cast iron, chija amachita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Mabuloko a injini, madiramu a mabuleki ndi zitsulo zolemeretsa kutsogolo kwa thirakitala nthawi zambiri zimakhala zamtunduwu. Zimakopa chifukwa n'zolemera ndiponso zotsika mtengo, koma sizipirira nyundo. Zimabenthuka, zimang'aluka, ndipo zibenthu zake zimauluka.

Musadalipire, yesani njira zitatu izi. Yoyamba ndi ya khutu. Chikolekeni kapena chiikeni pathabwa, n'kuchigogoda pang'ono ndi nyundo. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, pamene cast iron kapena chitsulo chokhala ndi mng'alu m'kati chimangoti phi. Yachiwiri ndi ya kampira kachitsulo kochokera m'bering'i ya galimoto. Palani dzimbiri pamalo amodzi, imikani rula, n'kugwetsa kampirako kuchokera pa masentimita 30. Kakanjanja kufika pa masentimita 20 kapena kuposa, mwapeza chitsulo cholimba kwambiri. Kakafika cha pa 12 kapena 15, chitsulocho n'chofewerapo koma chigwira ntchito. Yachitatu ndi ya makina opalira zitsulo, aja timati gulayinda. Chitsulo chofewa chimatulutsa nthethe zazitali zachikasu zosaphulika kwenikweni, cholimba chimatulutsa nthethe zambiri zophulika ngati tinyenyezi, pamene cast iron imatulutsa zazifupi zofiirira.

Mukangopeza chitsulo chofewa koma cholemera, musachinyoze. Chitsulo chofiira n'chofewa kuposa chitsulo chilichonse chozizira, kotero ntchito iyenda. Pamwamba pakachita maenje, mudzapala n'kupitiriza. Musayese kuwotcha chitsulo chachikulu chotere kuti muchilimbitse pochiviika m'madzi. Pakhomo moto wokwanira palibe, ndipo nthunzi yake ingakupsereni nkhope.

Mukafuna kulumikiza zidutswa kuti kulemera kukwane, uzani wowotcherera kuti aziimiritse mogundana, osati kuzisanjikiza ngati mabuku. Mpata uliwonse wotsala pakati pa zitsulo zosanjikizana umameza mphamvu ya nyundo.

Njanji ndi zitsulo za anthu onse

Wosula aliyense amadziwa kuti chidutswa cha njanji chimapanga chosulirapo chabwino. Chitsulo chake n'cholimba kale, ndipo mukachiimiritsa, mutu wake umakwanira kusulirapo mpeni. Tikudziwanso kuti njanji yochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, imene idamalizidwa cha m'ma 1980 ndipo mu 2010 idalumikizidwa mpaka ku Chipata m'dziko la Zambia, imadutsa m'dera lathu lino. Ndiye tinene mosapsatira mawu: njanji ili ndi mwini wake, ngakhale pamene sitima yatenga nthawi osadutsa, ngakhale chidutswacho mwachipeza chili chigonere m'tchire pambali pa mzere. Kuchitenga ndi kuba, ndipo kugula kwa amene wachitenga ndi mlandu wolandira katundu wakuba. Munthu wodula njanji kapena womasula mabawuti ake amaika pachiswe miyoyo ya anthu amene sadzawaona n'komwe.

N'chimodzimodzi ndi zitsulo za pamlatho, za nsanja za magetsi, zikwangwani za pamsewu ndi zipangizo za mjigo. Mjigo ukafa chifukwa wina wazula zitsulo zake, amayi amabwerera kudambo kukatunga madzi. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Mpeni wosulidwa ndi chitsulo cha mjigo ungaphe anthu ambiri usadadule kanthu.

Choncho gulani kwa wogulitsa wodziwika, wokhala ndi malo ake ndi chiphaso, ndipo mufunse lisiti lolembapo mtundu wa chitsulo ndi tsiku. Lisungeni bwino, chifukwa chosulirapo chimakhala zaka zambiri ndipo tsiku lina wina adzafunsa. Munthu akabwera madzulo ndi chitsulo chokulunga m'thumba, mtengo wake wotsika modabwitsa, mukaneni. Osula ndi ogula zitsulo akamakana, akuba amasowa msika.

Kuchikonza ndi kuchikhazika

Pamwamba pa chosulirapo pakhale posalala. Palani ndi gulayinda, kenako mumalize ndi tupa, mukuyesa ndi rula kuti pasakhale chitunda kapena chigwa. M'mphepete musasiye mwakuthwa ngati mpeni. Mbali imodzi ibulungizeni kwambiri, ngati kunenepa kwa chala chaching'ono, ina pang'ono chabe. M'mphepete mwakuthwa mumabenthuka msanga, komanso mumasiya mzera pa chitsulo chimene mukusula, ndipo pamzera pomwepo mpamene msuka wa khasu kapena wa mpeni umadzathyokera.

Nyanga si yofunika posula mpeni. Mukafuna popindira mphete ndi ngowe za ngolo, zikani kachidutswa ka ekiselo yaing'ono pa chipika china. Chodulira chitsulo chofiira chikhalenso pachipika chake, osati pafupi ndi pamene dzanja logwira nyundo limatsikira. Poboola, ikani nati yaikulu pansi pa chitsulocho kuti choboolera chisalase chosulirapo.

Tsopano chipika. Sankhani mtengo wouma ndi wolimba, monga tsinde la bulugama kapena la mango amene adagwetsedwa kale, lonenepa kuposa chitsulo chanu. Liimiritseni monga momwe mtengo umamerera, osati chogona. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi theka la mita, wawulani pamoto mbali yolowa pansi kuti chiswe chisafulumire kuidya, ikani miyala pansi pa dzenjelo, n'kutsendera dothi mwamphamvu. Pamwamba pa chipikacho semani kabowo kolowa chitsulo chanu mothina, ndipo muchimange ndi zitsulo zopinda zokhomera m'mtengo. Ngati chitsulocho n'chachitali, mungathe kuchiimika m'chidebe chachitsulo kapena m'diramu lodula, pansi mutaika thabwa lochindikala, m'mbali mutatsendera mchenga. Poyesa, menyani kangapo. Chikasuntha ngakhale pang'ono, ntchito yomanga sinathe.

Msinkhu wake ndi nkhani ya msana wanu. Ngati mumasula choimirira, imani mowongoka, manja ali lende, mufumbate chibakera. Pamene mfundo za zala zafika mpamene pamwamba pa chosulirapo payenera kukhala, kapena kukwererapo pang'ono kufika pamfundo ya dzanja ngati ntchito yanu yambiri ndi mipeni. Osula ambiri kwathu kuno amagwira ntchito chokhala, ndipo palibe cholakwika, bola mpando ndi chosulirapo zigwirizane. Njira yoyesera ndi imodzi. Ikani kathabwa pamwamba, menyani kamodzi monga mumamenyera nthawi zonse, n'kuona chipsera cha nyundo. Chikazama mbali ya kutali ndi inu, chosulirapo chatsika kwambiri. Chikazama mbali ya kwa inu, chakwera kwambiri. Chikakhala chofanana ponseponse, mwakhoza.

Moto, chosulirapo ndi chidebe cha madzi zikhale moyandikana, kuti mungotembenuka osayenda. Sitepe iliyonse imene mukuyenda ndi chitsulo chofiira ikukudyerani kutentha.

Kuyesa chosulirapo chanu ndi mpeni

Chitsulo chodalirika cha mipeni ndi zikwanje ndi sipuling'i ya galimoto, ija yamasamba osanjikizana. Matupa akutha nawonso amatulutsa mipeni yakuthwa kwambiri. Yang'anitsitsani sipuling'i yakale, chifukwa ina imakhala ndi ming'alu yobisika pansi pa dzimbiri. Zitsulo zomangira nyumba n'zosadalirika pa mpeni: china chimalimba, china ayi.

Wotchani mpaka chitsulo chioneke ngati lalanje lakupsa kapena chachikasu, kutentha kwa madigiri 900 mpaka 1,100. Chikabwerera ku kufiira kodera, lekani kumenya, chibwezereni pamoto. Kumenya chitsulo chozizira kumaswa mpeni m'kati ndipo kumawononga chosulirapo. Yambani ndi nsonga, kenako msuka, n'kumalizira kupyapyalitsa kukamwa kwake, mukutembenuza mbali zonse mofanana. Kukamwako musakufikitse pakuthwa, kusiyeni kochindikala ngati ndalama yachitsulo kuti kusapindike poviika. Mukamaliza, wotchani mpeniwo mpaka ufiire n'kuusiya uzizire wokha pamphepo, kawiri kapena katatu. Zimenezi zimachotsa kukokana kumene nyundo yasiya m'chitsulo.

Polimbitsa, maginito a m'sipika ya wailesi yakutha ndiwo mlangizi wanu. Chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770, maginito amaleka kuchigwira. Onjezerani moto pang'ono pokha, kenako viikani mpeniwo m'mafuta ophikira ofunda, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro pafupi. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri ndipo kawirikawiri amang'alula chitsulo cha sipuling'i. Oilo wakutha wa galimoto ali ndi utsi woipa m'chifuwa. Mpeni ukazizira, yesani ndi tupa. Likamangotsetsereka osaluma, walimba.

Pamenepa mpeni ndi wolimba koma wosachedwa kuthyoka, ngati galasi. Upaleni ndi mwala mpaka uwale, n'kuutenthetsa pang'onopang'ono kuchokera kumsana kwake, mukuyang'ana mitundu imene ikuyenda kulowera kukamwa. Mtundu wa udzu wouma ukafika kukamwa, pa madigiri 200 ndi mphambu, uziziritseni. Chikwanje ndi nkhwangwa, zimene zimamenya mitengo, zisiyeni zifike pa mtundu wofiirira wopita ku buluu, kuti zikhale zopirira. Kuthamanga sikufika. Amene amadumpha gawo limeneli ndiye amene kasitomala amamubwerera mawa lake ndi zidutswa ziwiri m'manja.

Thupi lanu ndilo chipangizo chosagulika

Yambani ndi makutu. Phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamakhalamo maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, limapha makutu pang'onopang'ono, ndipo kulira kwa chosulirapo chosamangidwa bwino kumaposa pamenepo. Makutu akafa motere sachira. Ngati madzulo mumamva kulira m'makutu, kapena akunyumba akudandaula kuti mumakweza wailesi, chenjezo lafika kale. Kumanga chosulirapo mothina kumachepetsa phokoso. Kuchikulunga ndi tcheni, kumatapo maginito aakulu m'mbali, kapena kuchiimika mumchenga kumathandizanso. Gulani zotsekera m'makutu m'sitolo za zipangizo, n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kugontha.

Maso ndi achiwiri. Valani magalasi oteteza nthawi zonse pamene mukumenya kapena kupala. Musamenyetse nyundo mwamphamvu pa chosulirapo chopanda kanthu, chifukwa zitsulo ziwiri zolimba zikagundana kachibenthu kamauluka ngati chipolopolo. Mutu wa tchizulo ukaphwathalala ngati bowa, upaleni usadayambe kuthothoka. Kachitsulo kakalowa m'diso, musatikite ndipo musalole munthu kukachotsa ndi lilime, udzu kapena singano. Phimbani disolo ndi kansalu koyera osakanikiza, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Gabriel ku Namitete, ku Kabudula, ku Nambuma kapena china chapafupi. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa madokotala a maso ku Kamuzu Central.

Moto ndi wachitatu. Chitsulo chimene chasiya kufiira chimakhalabe chotentha madigiri mazanamazana, ndipo ndicho chimawotcha anthu ambiri, makamaka ana. Khalani ndi malo amodzi oikapo zotentha, ndipo ana asasewere pachipala. Valani zovala zathonje ndi nsapato zachikopa. Nayiloni imasungunukira pakhungu, ndipo patapata sateteza phazi. Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, muvuleni mphete kapena chibangili chisadatupe, n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta, dothi kapena ndowe, ndipo musaboole matuza. Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, likakhala kumaso, m'manja kapena pamfundo, likaoneka loyera kapena lakuda, kapena wopsayo akakhala mwana, thamangirani kuchipatala. Mafuta oviikira akayaka, vundikirani chitinicho. Madzi amangomwaza motowo.

Mpweya ndi wachinayi. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Chipala chikhale chisakasa chotseguka m'mbali, osati chipinda chotseka. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire chikakugwirani, tulukani msanga. Musawotche mapaipi a madzi ndi zitsulo zina zokutidwa ndi zinki, zija zotuwa ngati malata, chifukwa utsi wake woyera umadwalitsa: usiku munthu amamva kuzizidwa, kutentha thupi ndi kuphwanya ngati malungo. Musaike pamoto chitsulo chotsekeka mbali zonse, monga shokabu kapena botolo la gasi, chifukwa chimaphulika.

Pomaliza, kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa pabala lakuya ngati lobayidwa ndi chitsulo. Wosula amadzicheka kawirikawiri, choncho funsani kuchipatala za katemera wa kafumbata musadavulale. Mukavulala, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, n'kukaonetsa.

Makala ndi mpamba

Chipala chimadya makala, ndipo tonse taona mmene nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, yavutikira ndi owotcha makala. Lamulo la nkhalango, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuwotcha makala ogulitsa popanda chiphaso. Wosula wanzeru amadzala mitengo yakeyake ndi nsungwi, amafunsa alangizi a zankhalango za njira yovomerezeka, ndipo amayesa makala a zitsononkho pa ntchito zing'onozing'ono. Apanso chosulirapo chabwino chimathandiza. Mpeni umene unkalowa pamoto maulendo ambirimbiri ukayamba kulowa maulendo ochepa, thumba la makala limakhalitsa.

Za mpamba, mutu umodzi susenza denga. Achinyamata atatu kapena anayi angathe kusonkherana kapena kubwereka kubanki m'khonde, n'kugula chitsulo chimodzi cholemera, magalasi ndi zotsekera m'makutu za aliyense. Gulayinda ndi makina owotcherera simuyenera kukhala nazo. Mungalipire wowotcherera wa pamsika kuti akudulireni ndi kukupalirani tsiku limodzi. Nyundo ndi mbaniro zambiri mudzasula nokha pa chosulirapo chomwecho. Amene mukufuna maphunziro a ntchito zamanja okhala ndi satifiketi, kafunseni ku Namitete Technical College kapena ku ofesi za TEVETA, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro otere kuyambira mu 1999. Koma musadutse nkhalamba yosula ya m'mudzi mwanu. Iyo imadziwa mtundu wa moto ndi kulira kwa chitsulo m'njira imene pepala lino silingakuphunzitseni, ndipo safunsa adadya phula.

Msika ulipo. Alimi a fodya, mtedza, soya ndi chimanga amafuna makasu, zikwakwa ndi zitsulo za ngolo. Ogulitsa nyama ndi a pachiwaya amafuna mipeni yosabuntha msanga. Amayi amafuna mpeni wa kukhitchini umene chigwiriro chake sichiguluka. Anthu amenewa amabwerera kwa wosula amene katundu wake wapirira, ndipo amauza anzawo.

Ngati muli kale ndi chosulirapo, mawa m'mawa musadayatse moto chitani zinthu zitatu. Chigwedezeni ndi manja muone ngati chikusuntha. Ikanipo kathabwa, menyani kamodzi, muone kumene chipsera chazama. Kenako gwetsanipo kampira kachitsulo muone pamene kafike. Zimene mupeze zikuuzani choyamba kukonza: kuthina kwa zomangira, msinkhu wa chipika, kapena kuimiritsa chitsulo chimene chakhala chigonere zaka zonsezi. Zambiri mwa izi sizilira ndalama, zimangofuna tsiku limodzi ndi khasu lokumbira dzenje.